PAGA: lamulo lolola wantchito kusumira bwana m'malo mwa boma

M'chigawo cha California, ku United States, wantchito wamba ali ndi mphamvu yokokera bwana wake kukhoti m'dzina la boma. Mphamvuyi imachokera m'lamulo lotchedwa Private Attorneys General Act, mwachidule PAGA, lomwe bwanamkubwa Gray Davis adasaina mu 2003 ndipo lidayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2004. Opanga malamulo adaona kuti nthambi za boma zoona za ntchito zidalibe anthu okwanira kulondoloza olemba ntchito onse ophwanya malamulo, choncho adapereka gawo la udindowo kwa antchito eni ake.

Mlandu wa PAGA ndi wosiyana ndi wofuna malipiro amene munthu sadalandire. Chomwe wodandaula amafuna ndi chindapusa, chomwe kale boma lokha ndilo limatha kulipiritsa, ndipo amachifuna m'malo mwa iye mwini ndi anzake onse olakwiridwa. Zolakwa zofala ndi kusalipira maola owonjezera, kumana antchito nthawi ya chakudya ndi yopuma, komanso kupereka zikalata za malipiro zosalongosoka. Asanasume, wantchito ayenera kudziwitsa bwana wake pamodzi ndi bungwe la Labor and Workforce Development Agency, n'kudikira masiku 65 kuti aone ngati boma lidzafufuza lokha.

Pomwe lamulo silidatchule chindapusa china, mulingo wake ndi madola 100 pa wantchito aliyense pa nyengo iliyonse ya malipiro. Ndalamayi imaoneka yochepa kufikira itawerengedwa bwino: kampani ya antchito 500 olandira kawiri pamwezi, ikalakwitsa chaka chathunthu, ingathe kulipira madola 1.2 miliyoni. Kwa zaka 20 boma linkatenga 75 peresenti, antchito n'kugawana 25 yotsalayo. Apa m'pamene padagona mkwiyo wa amalonda, omwe ankati opindula kwenikweni ndi maloya. Mfundoyi ili ndi maziko ndithu, ngakhale kuti wantchito wolandira zochepa sangapeze loya womuimira payekha pa mlandu wa ndalama zapang'ono.

Makampani adayesa kutseka khomoli posainitsa antchito mapangano oti mikangano izithetsedwa ndi mkhalapakati wapadera. Mu 2014, pa mlandu wa Iskanian, khoti lalikulu la California lidagamula kuti wantchito sangalandidwe ufulu wa PAGA kudzera m'pangano lotere. Mu 2022, pa mlandu wa Viking River Cruises, khoti lalikulu la dziko lonse lidati dandaulo la munthu payekha lingathe kupita kwa mkhalapakati. Chaka chotsatira, pa mlandu wa Adolph ndi kampani ya Uber, khoti la California lidanenetsa kuti munthuyo akhoza kupitirizabe kuimira anzake kukhoti.

Mu Julayi 2024 bwanamkubwa Gavin Newsom adasaina zosintha zomwe mabungwe a antchito ndi amalonda adagwirizana. Gawo la antchito lidakwera kufika pa 35 peresenti, koma wosuma tsopano ayenera kukhala woti cholakwa chilichonse chomwe akutchula chidamugwera iye mwini. Bwana amene adachita zonse zoyenera kutsata lamulo asanalandire chidziwitso salipira zoposa 15 peresenti ya chindapusa, pomwe wokonza zinthu pasanathe masiku 60 chilandirire chidziwitsocho salipira zoposa 30 peresenti.