Kuchokera ku Colby kufika ku LUANAR: momwe kumadzulo kwa Lilongwe kudaphunzitsira chitukuko

Mukakwera minibasi ya ku Mchinji kuchokera mu Lilongwe, musanafike pa Msundwe mumadutsa njira yolowera ku koleji ya NRC, kenako zikwangwani za ku Chitedze. Ambiri timangodutsapo tili m'tulo kapena tikukangana ndi kondakitala za chenji. Komatu aliyense amene akuphunzira za chitukuko m'mayunivesite athu lero ayenera kutsika pamenepa, chifukwa phunziro lake linabadwira m'minda yomweyi, digiri yake isanakhale n'dzina lomwe.

Malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze anakhazikitsidwa mu 1948, chaka chomwe Geoffrey Colby anadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland. Chaka chotsatira kunagwa njala yoopsa ya 1949, ndipo atsamunda anagamula kuti vuto ndi khasu la munthu wakuda. Mankhwala ake anali malamulo amene anthu anawatcha malimidwe: kuunga mizere yopingasa, kukumba milambala, kuzula mapesi a fodya pa nthawi yoikika. Wokana ankalipitsidwa chindapusa, ena mpaka kundende. M'zaka za m'ma 1950 pa Chitedze pomwepo anatsegula sukulu yophunzitsa alangizi n'kuipatsa dzina la Colby. Mlangizi wa masiku amenewo ankafika m'mudzi ngati mesenjala wa boma, ndipo anthu akamuona akubwera panjinga ankazemba. Zambiri zomwe ankanena zinali zoona, nthaka imakokolokadi. Koma chifukwa zinabwera ndi chikoti, andale a chipani cha Congress anapezerapo chida chokopera alimi, ndipo mizere inasanduka nkhani ya ufulu.

Ufulu utabwera, Yunivesite ya Malawi inalandira ophunzira ake oyamba mu 1965, ndipo posakhalitsa koleji ya Bunda inatsegulidwa kufupi ndi Mitundu. Kumeneko ulangizi unakhala phunziro la m'kalasi, lokhala ndi mabuku ndi mayeso. Kamuzu naye anali ndi achikumbe ake, alimi osankhidwa oti anzawo azitengerapo chitsanzo.

Sukulu yaikulu zedi inalibe mpanda. Mu 1968 boma linayambitsa ntchito ya Lilongwe Land Development Programme ndi ngongole ya World Bank, ndipo dera lomwe linasankhidwa ndi lomweli la kumadzulo kwa boma la Lilongwe. Analambula misewu, anakumba mijigo, anamanga misika ndi nyumba za alangizi, n'kuyamba kupereka feteleza ndi mbewu pangongole. Akatswiri a kunja ankabwera ndi zikwama zodzaza mapepala, kuyeza minda, kuwerenga matumba, kufunsa mlimi kuti wadya kangati. Mu 1975 katswiri wa zachuma wa ku India, Uma Lele, anatulutsa buku la The Design of Rural Development, ndipo ntchito ya ku Lilongwe ndi imodzi mwa zomwe anazisanthula. Choncho wophunzira wa ku America kapena ku Britain ankawerenga za mlimi wa kuno, pamene mwana wa mlimiyo ankavutika kupeza malo a Folomu 1.

Ntchitoyi inakhudzanso malo. Potsatira malamulo a malo a 1967, minda ya kuno inayesedwa n'kulembetsedwa m'kaundula, banja lonse pamodzi, m'dzina la mtsogoleri wa banjalo. Anthu amaitcha ndunda mpaka lero. Apa mpamene chikhalidwe chinadzuka n'kufunsa mafunso omwe kalasi ya zachuma sinayankhe. Kwa Achewa munda umatsata mbumba, mkamwini amalima kwa mkazi wake, ndipo malume ndi mlonda chabe wa malo a alongo ake. Nanga dzina la malume likalowa m'buku la boma, ana ake obereka yekha sadzati ndi za bambo awo? Milandu yotere mafumu a kuno aiweruza kosawerengeka.

Nkhani zofalitsa uthenga zinkayenda njira imodzi, kuchokera kumwamba kutsikira pansi. Akuluakulu amakumbukira galimoto zachikasu za unduna wa zamalimidwe zomwe zinkafika dzuwa litapendeka, mkuzamawu uli padenga. Ana ankathamangira pabwalo osadya n'komwe, zidole zikuvina n'kumakambirana za feteleza, ndipo kukada ankaonetsa kanema. Kunali magazini ya Za Achikumbi, nyuzipepala ya Boma Lathu, ndi wailesi imodzi yokha ya MBC. Kuyambira 1968 wailesiyo inkalankhula Chichewa ndi Chingerezi basi, Chitumbuka chitachotsedwa. Ife a chigawo chapakati sitinamve kupweteka kwake, poti chinali chinenero chathu. Ngakhale zinali choncho, mlimi wa ku Kabudula ankangomvera. Panalibe pomwe akanayankhira.

Akanafunsidwa akananena msanga za chimanga. Kwa zaka zambiri alangizi ankadabwa kuti bwanji anthu akukakamira chimanga cha makolo pamene cha haibulidi chimabereka kwambiri, ndipo ena ankangoti ndi umbuli. Yankho linali pamtondo. Mayi akathira chimanga chofewa cha haibulidi, n'kuwazamo madzi, n'kuyamba kukonola, njere zimaphwanyika, ndipo popeta mphale yambiri imapita ndi gaga. Cha makolo n'cholimba, gaga amasupuka yekha, mphale imatsala yathunthu, ndiponso anankafumbwe sachilowa msanga m'nkhokwe. Akatswiri a pa Chitedze atamvetsa zimenezi anatulutsa mbewu za MH17 ndi MH18 mu 1990, zokonoleka bwino, ndipo alimi anazilandira. Kwa ine, limeneli ndiye phunziro lalikulu la chitukuko lomwe dziko lino latulutsa, ndipo aphunzitsi ake anali amayi ogwira musi.

Kuyunivesite, oyamba kuphunzira kumvetsera sanali a zaulimi ayi, anali a zisudzo. M'zaka za m'ma 1980 Christopher Kamlongera ndi David Kerr a ku Chancellor College anatenga ophunzira awo kupita nawo m'midzi ya kufupi ndi Liwonde, kukachita masewero a zaumoyo omwe anthu a m'mudzi ankalowererapo, kutsutsa, ndi kusintha mathero ake. Luso lotere kuno silachilendo. Gule wamkulu wakhala akudzudzula zidakwa, adama ndi akuluakulu osamva kuyambira kalekale, ngakhale amishoni analimbana naye zaka zambiri. UNESCO inamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi.

Matipate atabwera mu 1994 zinthu zinathamanga. Chitumbuka chinabwerera pa MBC mu 1994, mu 1996 wailesiyo inayamba kuwerenga nkhani m'zinenero zina monga Chiyao, Chilomwe ndi Chisena, ndipo chaka chomwecho yunivesite inakhazikitsa Centre for Language Studies m'malo mwa Chichewa Board. Ku Polytechnic kunayamba digiri ya utolankhani, ku Chancellor ya kufalitsa nkhani za chitukuko, ndipo mmodzi wa aphunzitsi ake, Linje Manyozo, anadzalemba buku la phunziroli lomwe linatuluka mu 2012. Mawailesi anachuluka, Zodiak inayamba mu 2005, ndipo mlimi wa ku Nsaru lero amaimba foni pulogalamu ili mkati n'kumutsutsa mlangizi dziko lonse likumva. Sukulu ya Colby inalowa m'koleji ya NRC yomwe inatsegulidwa mu 1986 ndi thandizo la dziko la Canada. Bunda inachoka mu Yunivesite ya Malawi n'kukhala LUANAR mu 2012, ndipo NRC inaphatikizidwamo mu 2014.

Chomwe sichinasinthe ndi chinenero cha kalasi. Wophunzira amafika ku Nambuma kapena ku Namitete ndi mafunso olembedwa m'Chingerezi, amawamasulira pakamwa, amalonjera anyakwawa, amalemba mayankho, n'kubwerera. Lipoti lake limalembedwa m'Chingerezi, limamangidwa chikuto chokongola, n'kukagona m'laibulale. Gogo amene anasiya kupalira kuti amuyankhe sadzamva zomwe zinapezeka. Inu aphunzitsi a LUANAR, MUBAS ndi UNIMA, musamapereke digiri wophunzira asanabwerere pabwalo la mfumu kukafotokoza m'Chichewa zomwe anapeza.