Mpini unawola mwini ali chipenyere

Bwera nayo kuno foniyo, mdzukulu wanga, ndione chimene chakuiwalitsa nsima. Ee, ndi omwewa. Mnyamata wa tsitsi lalitali waponda pa lupanga nkumauluka, nkhalamba ya ndevu zoyera yapinda miyendo m'phanga, kumwambako mphezi zikusonkhana. Iwe ukuyesa zimenezi zayamba ndi anyamata ojambula a masiku ano. Ayi ndithu. Nthano za zithunzi izi, zimene eni ake ku China amazitcha manhua, zatsamira pa mbiri ya makolo awo, ndipo mbiriyo ndinayamba kuikonda ndikadagwira choko. Khala apa ndikuuze. Si ya padangokhala iyi. Ambiri amene nditchule anapondadi pansi pano.

Munthu wosafa iwo amamutcha xian, ndipo polemba dzinalo amaika chizindikiro cha munthu pambali pa chizindikiro cha phiri. Ndiye kuti wosafa ndi munthu wa kuphiri, amene anachoka pamudzi. Usunge mawu amenewo. Mankhwala oletsa imfa makolo awo anawafuna malo atatu: kutsidya kwa nyanja, mumphika, ndiponso m'mimba mwawo momwe.

Woyamba kutchuka nazo anali Qin Shi Huang. M'chaka cha 221 Khristu asanabadwe anamaliza kugonjetsa maufumu 6 oyandikana naye, nakhala mfumu yoyamba ya China yense. Adani a mikondo anatha, kunatsala mdani mmodzi wosalasika. Ndiye kunabwera katswiri wina wa zamatsenga, Xu Fu, namuuza kuti m'nyanja ya kum'mawa muli mapiri atatu, lotchuka kwambiri ndi Penglai, kumene anthu osafa amasunga mankhwala. Mu 219 mfumu inamupatsa zombo, chuma, ndiponso anyamata ndi atsikana zikwizikwi. Zaka zinapita, chuma chinatha, mankhwala osaoneka. Atafunsidwa, Xu Fu anati chinsomba chachikulu chikutchinga njira. Mfumu inapita yokha kugombe ndi uta, nkulasadi chinsomba china. Xu Fu anakweranso zombo zake, ndipo ulendo uwu unali wa ulendo. Anali ndi nzeru mkulu ameneyu, chifukwa kubweranso chimanjamanja kukanakhala kupereka khosi. Mpaka lero ku Shingu, m'dziko la Japan, anthu amaloza manda amene amati ndi ake.

Nanga mfumu? Inamwalira mu 210 pamalo otchedwa Shaqiu, ili paulendo, ndi zaka 49 zokha. Nduna zake, Li Si ndi Zhao Gao, zinabisa malirowo poopa chipwirikiti. Chakudya chinkapitabe kungolo ya mfumu ngati kuti mwini adya. Koma inali nyengo yotentha, mtembo unayamba kudzinenera wokha. Ndunazo zinalamula kuti pagulu la ngolo pakhale nsomba zamchere, kuti fungo lina libise linzake. Munthu amene anakana manda analowa mumzinda wake wa Xianyang akununkha pamodzi ndi nsomba. Wolemba mbiri Sima Qian ndiye anatisungira zonsezi. Analembanso kuti m'manda a mfumuyi anapangamo mitsinje ya mercury, chitsulo chamadzimadzi chija chonyezimira. Mu 1974 alimi okumba chitsime kufupi ndi Xi'an anagunda mbiya zachilendo, osadziwa kuti apeza asilikali adongo pafupifupi 8,000 amene akulonderabe mfumu yawo. Tsono ukaona m'zithunzi zakozo anyamata akupikisana kulowa pachilumba chobisika kukathyola therere la zaka 1,000, udziwe kuti akuyenda m'mapazi a Xu Fu.

Nyanja itawakanika, anatembenukira kumphika. Kunali kalonga wina, Liu An wa ku Huainan, amene anasonkhanitsa akatswiri ambiri pabwalo pake. Anthu ankasimba kuti anaphika mankhwala, namwa, nakwera kumwamba dzuwa likuswa mtengo, ndipo nkhuku ndi agalu amene ananyambita zotsala m'mbale anauluka naye. Zoona zake nzakuti anadzipha mu 122 Khristu asanabadwe, atamuneneza kuti akufuna kulanda ufumu. Koma nkhani ya nkhukuzo inasanduka mwambi, ndipo Atchaina amaunena akaona munthu wakwera paudindo, abale ake onse nkukwera naye.

Amene anaika nzeru ya mphika m'buku ndi Ge Hong, wobadwa mu 283 Khristu atabadwa kale, amene analemba Baopuzi nakathera moyo wake paphiri la Luofu. Maganizo ake sanali a chitsiru. Ankati zitsamba ukaziwotcha zimasanduka phulusa, ukazikwirira zimawola, ndiye zingapatse bwanji munthu moyo wosawola? Koma golide sachita dzimbiri ngakhale umukwirire. Ndipo pali mwala wofiira umene ukauwotcha umatuluka mercury, mercuryyo nkutha kubwereranso kukhala mwala wofiira. Chinthu chimene chimafa nkuukanso chotero, iye anati, ndicho chiyenera kulowa m'thupi. Mbulu wa mankhwala wotuluka mumphika wotere anautcha jindan, mbulu wagolide.

Tsoka lake, mercury ndi mtovu ndi poizoni. M'nthawi ya ufumu wa Tang mafumu angapo anapita ndi mibulu imeneyi. Wuzong anamwalira mu 846 atangopitirira zaka 30. Amene anamulowa m'malo, Xuanzong, anaona zonsezi ndi maso ake, komabe naye anamwa, nkumutsatira mu 859. Pamene thupi linkayamba kutentha ndi kutuluka zilonda, ophikawo ankati ndi umboni wakuti mankhwala akugwira ntchito.

Mumphika momwemo munatuluka chinthu china chimene sankachifuna. Buku lina la nthawi imeneyo linachenjeza ophika kuti ena atasakaniza sulufule, uchi ndi mchere wina wa m'nthaka, moto unabuka nkuwatentha manja ndi nkhope, nyumba nkupsa. Umenewo ndiwo wonga wa mfuti, umene mpaka lero Atchaina amautcha huoyao, mankhwala a moto. Anthu ofuna kuthetsa imfa anapatsa dziko njira yachidule yophera. Iwe umaseka ukaona wophunzira kuphika mibulu mphika wamuphulikira, nkhope bii ngati wogulitsa makala. Makolo awo zinkawachitikira zenizeni.

Maliro atachuluka, anzeru ena anati: mwina mphika weniweni ndi thupi la munthu. Anaphunzitsa kuti kunsi kwa mchombo kuli malo otchedwa dantian, munda wa mankhwala. Munthu akakhala phee, kupuma mwadongosolo, kuchepetsa kudya, amasonkhanitsa mpweya wamoyo umene amautcha qi, ndipo mbulu wagolide uja umaumbika m'kati mwake, wopanda nkhuni kapena mwala. Mbuluwo ukakhwima umasanduka kakhanda kauzimu kamene kangatuluke thupi likatha. Zhang Boduan analemba za njira imeneyi cha m'ma 1075. Makwerero amene umawaloweza ngati ndime za mayeso aja, kuyenga mpweya, kuika maziko, mbulu wagolide, khanda lauzimu, anachokera pamenepa. Kubindikira m'phanga zaka zambiri nakonso nkomweko. Mphezi zija zogwera munthu akamakwera sitepe zili ndi chifukwa chake: kumwamba kunaika kuti chobadwa chife, ndiye wokana lamulo limenelo ayenera kulipira.

Malupanga ouluka anawatchukitsa ndi mlembi Huanzhu Louzhu, amene mu 1932 anayamba nthano yaitali ya akatswiri a lupanga a m'mapiri a Shu. Koma pali zina zimene makolo aja sakanazizindikira. Kale ofuna kusafa anali mafumu ndi anthu ophunzira, oti golide ali naye. Lero ngwazi ndi mwana wonyozeka. Taona Xiao Yan, m'nthano ya Doupo Cangqiong ya mu 2009: mphamvu zamuthera, mudzi ukumuseka, mtsikana amene anamutomera wabwera kudzathetsa chitomero pamaso pa bambo ake, koma mumphete imene anasiya mayi ake muli mzimu wa nkhalamba yodziwa kuphika mibulu. Taonanso Han Li, mwana wa mlimi wosauka, wopanda luso lodabwitsa, amene anatola kabotolo kobiriwira kokulitsa zitsamba msanga. Ndipo nthawi zonse panjira pamakhala mwana wa bwana wodzikuza, wofunsa ngati ukudziwa bambo ake. Ukamugwetsa kubwera bambo, ukagwetsa bambo kubwera agogo kuchokera kuphanga, onse kudzawombola ulemu wa banja umene iwo amautcha nkhope.

Chifukwa chake nchosavuta. Nthano zimenezi zinayamba ngati nkhani za pa intaneti, pamalo ngati Qidian, ndipo owerenga ake ambiri ndi ana asukulu ndi anthu aganyu amene anaonapo mwana wa bwana akuwadumpha pamzere. Mlembi amalandira ndalama pa mutu uliwonse, tsiku ndi tsiku. Nchifukwa chake makwerero satha: ngwazi ikafika pamwamba pa phiri imapeza kuti ndi tsinde la phiri lina.

Tsono imva yomaliza, imene ndimaikonda kuposa zonse. Iyi ndi nthano, ndipo inalembedwa zaka pafupifupi 1,500 zapitazo. Wang Zhi anali wodula nkhuni. Tsiku lina anakwera phiri ndi nkhwangwa yake, napeza ana akusewera weiqi, bawo wawo wa timiyala takuda ndi toyera. Anaika nkhwangwa pansi kuti aonereko pang'ono. Mwana mmodzi anamupatsa kanthu konga njere ya chipatso kuti avumate, ndipo njala inatha. Anapenya, napenya. Kenako mwana wina anamufunsa chifukwa chimene sakupitira kwawo. Pamene anati atole nkhwangwa, mpini unali utawola. Anatsika phiri, nafika pamudzi, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wa msinkhu wake. Onse anali atagona kalekale. Phirilo lili ku Quzhou, ndipo dzina lake ndi Lanke, kutanthauza mpini wowola.

Wang Zhi anapeza mwangozi chimene Qin Shi Huang anachifuna ndi zombo, koma nthanoyo siinena kuti anavina. Eni ake a mbiri imeneyi ankadziwa kuti munthu wa kuphiri amalipira ndi mudzi wake. Ngakhale m'zithunzi zakozo, ufufuze bwino, upeza tsamba limene ngwazi yabwerera kwawo itabindikira zaka 100, nkupeza mitumbira pamene inasiya mayi ndi mlongo wake. Ojambula amalidutsa msanga tsamba limenelo kuti nkhondo ipitirire. Iwe ukalipeza uimepo pang'ono.

Nayi foni yako. Mawa udzandiuze ngati mnyamatayo wapulumuka mphezi zija, chifukwa nanenso ndayamba kufuna kudziwa. Koma pano nyamuka. Agogo ako aakazi aitana kachitatu, nsima yachita chikoko, ndipo iwo sadzakhala pakhomo paja zaka 100 kukudikira.