Dzina la Kachindamoto m'mbiri ya boma la Dedza

Kachindamoto ndi dzina la banja lachifumu la Angoni a kwa Maseko m'boma la Dedza. Dzinali ndi la banja komanso la mpando, kotero kuti aliyense wolongedwa ufumuwu amadziwika nalo. Likulu la ufumuwu lili ku Mtakataka, m'chigwa choyandikana ndi nyanja ya Malawi, koma chiyambi chake chili kumtunda, m'mapiri a m'malire a Dedza ndi dziko la Mozambique.

Chiyambi cha ufumu

Angoni a kwa Maseko adakhazikika pa phiri la Domwe cha m'ma 1870 motsogozedwa ndi Chidyaonga, yemwe ankasungira mpando Chikuse, mwana wa mfumu Mputa. Chidyaonga atamwalira, Chikuse adalowa ufumu, koma Chifisi, mwana wa Chidyaonga, sadagwirizane nazo. Mkanganowu udagawa Angoniwa pawiri.

Chikuse ndi Chifisi onse adamwalira m'chaka cha 1891, ndipo nkhondo idapitirira pakati pa olowa m'malo awo, Gomani ndi Kachindamoto. Kachindamoto woyambayu atapanikizika, adatsika m'mapiri ndi anthu ake n'kukamanga ku Mtakataka. M'dera lomweli ndi momwe ansembe achikatolika a White Fathers adatsegula mishoni ya Mua m'chaka cha 1902. Udaniwo udatha kalekale, ndipo lero ufumu wa Kachindamoto uli pansi pa Inkosi ya Makhosi Gomani, yomwe ndi mfumu ya Angoni onse a kwa Maseko.

Inkosi Theresa Kachindamoto

Mwa onse amene adakhalapo pampandowu, yemwe adatchukitsa dzinali mpaka kunja kwa dziko lino ndi Inkosi Theresa Kachindamoto, omwe adabadwa m'chaka cha 1958. Iwo adali chitsirizira m'banja la ana 12, ndipo adagwira ntchito ya ulembi pa koleji ina ku Zomba kwa zaka 27. M'chaka cha 2003 akuluakulu a kubanja adawaitana kuti adzalowe ufumu.

Atabwerera kwawo adapeza atsikana a zaka 12 ali kale pabanja, ena ali ndi mwana kumsana. Mfumuyi idasainirana pangano ndi mafumu 50 a pansi pake lothetsa maukwati a ana, ndipo mafumu amene adaphwanya panganolo idawaimitsa paudindo kufikira atathetsa maukwatiwo. Pofika chaka cha 2016 idali itathetsa maukwati oposa 850, n'kulamula kuti anawo abwerere kusukulu.

Ntchitoyi idayendera limodzi ndi kusintha kwa malamulo. M'chaka cha 2015 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18, ndipo mu 2017 idakonzanso malamulo oyendetsera dziko lino pofuna kutseka mpata umene unkalola ana a zaka 15 kukwatiwa ngati makolo avomera.

Inkosi Theresa Kachindamoto adamwalira mu Ogasiti 2025. Njira yomwe adatsata, yomanga malamulo a m'mudzi mothandizana ndi makolo, anyakwawa ndi aphunzitsi, idakali chitsanzo kwa maofesi a boma oona za chitukuko cha amayi ndi ana, popeza lamulo lolembedwa ku Lilongwe limagwira ntchito kumudzi pokhapokha mfumu ikalimbikira.