Inshuwalansi ya PPI pa makhadi a ngongole ku Britain: madandaulo ndi kubweza ndalama

Payment Protection Insurance, imene imadziwika mwacidule kuti PPI, ndi inshuwalansi imene mabanki a ku Britain anali kugulitsa pamodzi ndi ngongole komanso makhadi ogulira zinthu pa ngongole. Colinga cake cinali cakuti munthu akadwala, akacita ngozi kapena akacotsedwa nchito, inshuwalansiyo izimulipirira ngongole kwa miyezi ingapo. Bungwe loyang'anira mabanki m'dzikolo, la Financial Conduct Authority kapena kuti FCA, linati mainshuwalansi otere okwana 64 miliyoni anagulitsidwa, ambiri pakati pa 1990 ndi 2010.

Pa khadi, PPI inali yovuta kuizindikira. Mwezi uliwonse banki inali kuwonjezera kandalama kocepa pa ngongole ya pa khadi, kawirikawiri kosafika paundi imodzi pa mapaundi 100 aliwonse. Kandalamako nako kanali kubala ciwongola dzanja. Anthu ambiri analipira kwa zaka osadziwa kuti ali ndi inshuwalansi. Ena anauzidwa kuti sangapatsidwe khadi popanda PPI, zimene sizinali zoona. Coipitsitsa cinali kuigulitsa kwa anthu amene malamulo a inshuwalansiyo sanali kuwalola kulandirapo kanthu: opuma pa nchito, osagwira nchito, ambiri odzilemba okha nchito, ndi amene anali ndi matenda kale.

Mu 2005 bungwe la Citizens Advice linapereka dandaulo lalikulu ku boma. Mu 2007 kampani ya Capital One inalipitsidwa cindapusa ca mapaundi 175,000, ndipo mu 2008 banki ya Egg inalipitsidwa mapaundi 721,000, onse cifukwa ca PPI ya pa makhadi. Mabanki anapita ku khoti kukatsutsa malamulo oyendetsera madandaulo, koma khoti lalikulu ku London linawagamula mowatsutsa mu April 2011. Kucokera pamenepo madandaulo anasefukira.

Njira yodandaulira inali yaulere. Munthu anali kulembera banki imene inamugulitsa PPI, kufotokoza cimene cinalakwika. Banki inali ndi milungu 8 yoti iyankhe. Ikakana kapena ikakhala cete, munthuyo anali kutengera nkhaniyo kwa Financial Ombudsman Service, ofesi yoweruza mikangano ya mabanki ndi makasitomala awo, pasanathe miyezi 6 cilandirireni yankho lomaliza la banki. Wopambana anali kubwezeredwa zonse zimene analipira pa PPI, ciwongola dzanja cimene banki inaikapo, ndi ciwongola dzanja cina ca 8 peresenti pacaka pa ndalama zimene anataya. Ngakhale zinali conco, kunabuka makampani ambiri odandaulira anthu, amene anali kudula gawo lalikulu la ndalamazo pa nchito imene mwini wake akanaicita ndi kalata imodzi. Mu 2018 lamulo linawaletsa kutenga zoposa 20 peresenti, osawerengera msonkho.

Mlandu wa mai Susan Plevin, umene khoti la Supreme linagamula mu November 2014, unatsegula khomo lina. Pa ndalama zimene maiyo analipira pa PPI, 71.8 peresenti inali komishoni ya ogulitsa, koma iye sanauzidwe. Khoti linati kubisa zimenezi kunali kupanda cilungamo. Pambuyo pake FCA inalamula kuti komishoni yoposa theka, ngati inabisidwa, gawo lopitiriralo libwezedwe.

FCA inaika 29 August 2019 kukhala tsiku lomaliza lolandirira madandaulo, ndipo ndalama zonse zimene zinabwezedwa zinaposa mapaundi 38 biliyoni. Tsikulo linakhudzanso anthu a ku Zambia amene anagwirako nchito ku Britain ndi kutenga makhadi kumeneko, ngakhale anabwerera kale kwawo.

Kwa ambiri amene anacedwa, njira imene inatsala ndi ya ku khoti, pa nkhani ya komishoni yobisidwa. Mu October 2023, pa mlandu wa Smith ndi Royal Bank of Scotland, umene unali wokhudza makhadi, khoti la Supreme linagamula kuti zaka 6 zimene munthu ali nazo zoti asumire zimayamba kuwerengedwa pamene pangano la khadi latha, osati pamene analeka kulipira PPI. Cigamulo cimeneci cimagwira nchito ku England ndi ku Wales.