Metformin anachokera ku chitsamba: zimene mbiriyi ikunena pa nkhani ya cham'mwamba ku Nkhotakota

M'midzi ya m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota, cham'mwamba si mtengo wosowa. Kwawo kwenikweni ndi ku India, koma unazolowera nyengo yotentha ya kunyanja ndipo masamba ake ndi ndiwo. Masiku ano ena amaumitsa masambawo, n'kuwasinja, n'kumamwa ufa wake pokhulupirira kuti umatsitsa shuga m'magazi. Funso limene alangizi a zaumoyo ndi anthu odzipereka amakumana nalo ndi lakuti: kodi wodwala shuga angasiye mapiritsi n'kudalira ufawu? Mbiri ya mankhwala a shuga ili ndi yankho.

Boma la Nkhotakota si lachilendo pa kafukufuku wa zakudya ndi zomera. Mu 1938, gulu lotsogozedwa ndi Dr B. S. Platt linayamba kafukufuku wa kadyedwe m'midzi ya boma limene kalelo linkatchedwa Kota Kota. M'gululi munali Jessie Barker, amene pambuyo pake anadziwika ndi dzina la Williamson, ndipo mu 1955 anatulutsa buku la Useful Plants of Nyasaland lofotokoza zomera za m'dziko muno ndi ntchito zake. Nthawi imeneyo nkhawa yaikulu inali kuperewera kwa zakudya m'thupi. Patapita zaka pafupifupi 70 nkhawa ina inaonjezereka: kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti mwa Amalawi 1,000 aliwonse a zaka 25 mpaka 64, anthu 56 anali ndi matenda a shuga.

Mankhwala amene ambiri mwa odwalawa amayambira kumwa, metformin, nawonso anachokera ku chomera. Ku Ulaya kuli chitsamba chotchedwa Galega officinalis chimene asing'anga akumeneko ankagwiritsa ntchito kuyambira kalekale. Akatswiri atachipima anapeza kuti chili ndi mankhwala a m'gulu la guanidine, ndipo mu 1918 zinadziwika kuti guanidine amatsitsa shuga m'magazi a nyama. Vuto linali lakuti anali ndi poizoni. Chitsambacho chimatha kupha nkhosa zikachidya chambiri.

Mu 1922 Emil Werner ndi James Bell anapanga metformin ku Dublin. Chaka chomwecho, ku Toronto, odwala anayamba kubayidwa insulin, ndipo metformin anaiwalika. Mu 1957 dokotala wina wa ku Paris, Jean Sterne, anafalitsa zotsatira za kuyesa metformin pa anthu odwala shuga. Mankhwala ena awiri a m'banja lomwelo, phenformin ndi buformin, ankaoneka amphamvu kuposa metformin, koma kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 maiko ambiri anawachotsa atapha anthu ena pochulukitsa asidi m'magazi. Metformin anatsala, ndipo mu 1998 kafukufuku wamkulu wa UKPDS ku Britain anasonyeza kuti amachepetsa imfa pakati pa odwala shuga onenepa. Kuchokera pa kupangidwa kwake kufika pa umboni umenewu panadutsa zaka 76.

Mbiriyi ikusonyeza zinthu ziwiri. Choyamba, amene amafuna mankhwala m'zomera sakusochera, choncho wodwala womwa cham'mwamba sayenera kusekedwa. Chachiwiri, chomera chimene chimatsitsadi shuga chikhozanso kuvulaza. Chimene chinasandutsa chitsamba chija kukhala piritsi la mamiligalamu 500 ndi muyezo wodziwika, kuyesa pa anthu ambiri kwa zaka zambiri, ndi kuwerenga mosabisa amene anavulala.

Cham'mwamba sichinamalize ulendo umenewu. Pa makoswe a m'malo oyesera mankhwala, masamba ake aonetsa kuti amatsitsa shuga. Pa anthu, kafukufuku amene wachitika ndi wa magulu ang'onoang'ono, wa nthawi yochepa, ndipo zotsatira zake sizigwirizana. Mphamvu ya ufa imasiyananso malinga ndi kumene mtengo wamera ndi mmene masamba aumitsidwira, kotero supuni ya pakhomo lina si yofanana ndi ya pakhomo lina. Monga ndiwo, cham'mwamba ndi chakudya chabwino. Monga cholowa m'malo mwa metformin kapena insulin, umboni wake palibe.

Zoopsa zake zili mbali ziwiri. Wodwala wosiya mapiritsi akhoza kumadzimva bwino kwa miyezi pamene shuga akuononga mwakachetechete maso, impso ndi mitsempha ya kumapazi, mpaka kabala kamene kanayamba ndi kupalasa ku chigumula cha bwato kapena m'dimba la mpunga kadzathera pa kudulidwa phazi. Wophatikiza mankhwala azitsamba ndi glibenclamide kapena insulin naye akhoza kutsitsa shuga mopitirira, n'kuyamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kuchita chizungulire, ngakhale kukomoka.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo mwambiwu ukukhudzanso azaumoyo. Odwala ambiri satchula mankhwala achikuda pokhapokha atafunsidwa mwaulemu, monga: "Amayi, kupatula mapiritsiwa, pali china chimene mukumwa kunyumba?" Yankho lilembedwe m'buku la kuchipatala: dzina la chomera, kuchuluka kwake, ndi kangati pa tsiku. Wodwalayo alimbikitsidwe kupitiriza mapiritsi, kuchepetsa mitanda ya kondowole ndi mpunga, kuchulukitsa ndiwo zamasamba ndi nsomba, ndi kuyezetsa shuga pa tsiku limene anapatsidwa. Zolembedwa zoterezi, zikasungidwa bwino m'zipatala za m'mbali mwa nyanja, ndi zimene ofufuza adzayambirepo poyeza cham'mwamba monga mmene chitsamba cha ku Ulaya chija chinayezedwera.