Kulemba, Kuwerenga ndi Kudina: Mawu Akale pa Ntchito Yamakono

Achinyamata a kuno kwa Kaphuka akamva kuti ntchito yanga ndi yopanga mapulogalamu a pakompyuta, funso lawo limakhala limodzi: kodi zimenezi zingatheke m'Chichewa, kapena munthu ayambe wavula chilankhulo chake n'kuchisiya pakhomo? Yankho lili m'mawu omwe timalankhula tsiku ndi tsiku. Ntchito imeneyi yaima pa zinthu zitatu, kulemba, kuwerenga ndi kudina, ndipo mawu atatu onsewa analipo makina asanafike. Tikawafukula mpaka kumizu, atiuza chimene kompyuta ili, atiuzenso chimene ikutimana.

Tiyambe ndi kulemba. Lero tikamva mawuwa timaganiza za kope ndi cholembera, koma tanthauzo lake lakale ndi kuika chizindikiro: kukanda mzere pansi ndi kamtengo, kapena kupaka chinthu kuti chioneke. M'Chiswahili tsinde lomweli, kuremba, limatanthauza kukongoletsa, ndipo urembo ndi zodzikongoletsera. Umboni wina sitiupita patali. M'mapiri a Chongoni muli malo 127 a zojambula zapamatanthwe, amene UNESCO inawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zofiira anasiya ndi Akafula. Zoyera, zopakidwa ndi chala choviika m'dothi, ndi za Achewa, ndipo zimakhudza chinamwali ndi Nyau. Amene anaima pa Chentcherere kapena pa Namzeze n'kutsamiritsa chala pathanthwe anali kulemba, sukulu isanabwere n'komwe.

N'chifukwa chake mabuku atafika sitinabwereke kwa aliyense mawu onena za kulemba. Tsinde lomwelo linabala chilembo, mlembi, kalembera ndi Malemba, ngakhalenso kulembedwa ntchito, poti dzina la wantchito limalowa m'buku. Agiriki nawo anadzera njira yomweyi. Mawu awo onena za kulemba, graphein, poyamba ankatanthauza kukanda, ndipo kumeneko n'komwe kunachokera pulogalamu: pro ndiye kuti pasadakhale, gramma ndiye cholembedwa. Pulogalamu ndi zolembedweratu. Aliyense amene anakhalapo paukwati akuidziwa: pemphero, mawu a ankhoswe, perekaniperekani, kudula keke. Ya pakompyuta ndi yomweyo, kusiyana kwake n'kumodzi. Woyendetsa mwambo akaona kuti mvula yayandikira amadumpha zina mwa nzeru zake, pomwe kompyuta sidumpha kanthu pokhapokha wina atalemberatu kuti mvula ikabwera udzachite chakuti. Ntchito yathu yonse ndi kulemberatu zoterezi.

Chichewa chili ndi mawu akeake a chinthu chimenechi: ndondomeko, m'bale wake wa kulondola ndi kulondoloza, kutsata chinthu phazi ndi phazi osasochera. Lembo la l limasanduka d likatsogoleredwa ndi n, monga momwe kulima kunabalira ndime. Ndime poyamba ndi gawo la munda limene munthu wapatsidwa kuti alime. Kenako inachoka kumunda n'kulowa m'buku, kukhala ndime ya nkhani ndi ndime ya m'Baibulo. Mzere nawo unayenda ulendo womwewo. Tsono wopanga mapulogalamu akamalemba mzere ndi mzere, ndime ndi ndime, akugwiritsa ntchito mawu amene agogo ake ankagwiritsa ntchito m'munda wa kachewere.

Mawu achiwiri ndi kuwerenga, ndipo awa ndi amene amandisangalatsa koposa. Mwana wa sukulu amawerenga buku, mbusa amawerenga mbuzi zikamalowa m'khola. Chingerezi chimalekanitsa ntchito ziwirizi ndi mawu awiri, koma ife tinaziphatikiza, monganso Ashona amene amati kuverenga pa zonse ziwiri. Pa nkhani ya kompyuta, Chichewa ndicho chalondola. Dzina loti kompyuta linachokera ku Chilatini, computare, kuwerengera, ndipo makinawa asanapangidwe dzinali linali la anthu olembedwa ntchito yowerengera manambala tsiku lonse. Mpaka lero makinawa sadziwa chilembo chilichonse. Mukadina A wamkulu, m'kati mwake mumalowa nambala 65. B ndi 66, a wamng'ono ndi 97. Kompyuta ikamawerenga kalata yanu imakhala ikuwerenga manambala, ndipo mawu athu amodzi aja anena zonse.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ngati chilembo chilichonse ndi nambala, ndiye kuti panakhala anthu amene anagawa manambalawo, ndipo chilembo chimene sanachipatse nambala, kwa makina kulibe. Mndandanda woyamba kufala, ASCII, unakonzedwa ku America mu 1963 ndipo unali ndi malo 128 okha, okwanira Chingerezi. W wathu wokhala ndi kadenga pamwamba, ŵ, munalibe. Anadzapeza malo mu Unicode, mndandanda waukulu umene unatuluka mu 1991, ndipo nambala yake ndi 373. Chilembo chimenechi si chokongoletsera. Chimaimira liwu limene milomo imayandikana osatsekana, lomwe m'zilankhulo za abale athu limamveka ngati b kapena v: Abemba amati ukubelenga, Ashona kuverenga, ife kuŵerenga. Mawu omwe akufotokoza bwino ntchito ya kompyuta ali ndi chilembo chimene kiyibodi yake ilibe. Dzina la dziko lathu, Malaŵi, lilinso nacho, ndipo Chitumbuka sichiyenda popanda icho, kuyambira pa ŵanthu pomwe.

Masiku ano ambiri timalemba w wamba, ndipo n'zoona kuti olankhula ena sasiyanitsanso maliwu awiriwa. Ngati akatswiri a chilankhulo ndi eni ake agwirizana kusiya chilembo, zimenezo ndi zawo. Chimene ine ndimakana ndi chakuti chilembo chife chifukwa chakuti batani lake likusowa. Kalembedwe ka mtundu wa anthu kasagamulidwe ndi fakitale imene sinamvepo Chichewa.

Mawu achitatu ndi kudina. Timawamva tsiku lililonse pafoni: dinani wani, dinani thuu. Kudina ndi kudinda zonse ndi kukanikiza, koma kudinda kumasiya chizindikiro, monga chidindo cha amfumu pakalata kapena chala cha agogo papepala la kuofesi. Kusindikiza mabuku ndi kutsindika mfundo nazo n'zokanikiza. Ngakhale kutayipa, kumene tinabwereka ku Chingerezi, kunachokera ku typos wa Agiriki, chizindikiro chotsala chinthu chikamenyedwa. Kiyibodi ndi mawu awiri amene tinawalandira kale padera: kiyi wa pachitseko ndi bolodi la m'kalasi. Ndi thabwa la makiyi, ndipo kiyi aliyense amatsekulira chilembo chake.

Tsono yang'anani thabwalo bwinobwino. Mzere wapamwamba umayamba ndi Q, W, E, R, T, Y. Kayalidwe kameneka kanachokera pa makina otayipira a Christopher Latham Sholes wa ku Milwaukee, amene kampani ya Remington inayamba kugulitsa mu 1874. Q ndi X, zimene Chichewa sichigwiritsa ntchito, zili ndi mabatani awoawo. C amatithandiza akakhala ndi h basi. Pamzere wapakati, pomwe zala zimapumira, pali lembo la liwu limodzi lokha, A, pamene E, I, O ndi U zili pamwamba. M'Chichewa pafupifupi phatikizo lililonse limathera ndi lembo la liwu, choncho zala za wotayipa zimangokhalira kukwera ndi kutsika. August Dvorak anaona vuto lofanana nalo m'Chingerezi momwe, ndipo mu 1936 analembetsa kayalidwe kena koika A, O, E, U ndi I pamzere wapakati.

Pafoni ya mabatani, imene ambiri m'midzi muno akugwirabe, zinthu n'zolemera kuposa apo. Kuti mulembe zikomo muyenera kudina 9 kanayi kuti z atuluke, 4 katatu, 5 kawiri, kenako 6 katatu, kudikira pang'ono, 6 kamodzi, kudikiranso, 6 katatu. Ndi kudina ka 16 pa mawu a zilembo 6. Tikamadzudzula ana kuti akudula mawu m'mauthenga, tikumbukire kuti chida ndicho chinayamba kuwaphunzitsa. Foni zamakono nazo zili ndi khalidwe lake: mukalemba Chichewa musanasinthe chilankhulo, zimakukonzerani mawu n'kuwasandutsa Chingerezi chimene simunafune.

Palinso kachizindikiro kamene kusukulu tinaphunzira kuti ndi nkhodolero, kopindika ngati chala chokodola munthu. Kwa ife kali m'kati mwa chilembo. Ng'oma ndi yoimba, ngoma ndi nyama ya m'tchire ya nyanga zopotana. Koma m'zilankhulo zambiri za kompyuta, monga SQL imene imasunga mayina m'maofesi, kachizindikiro komweka, nambala 39, kamatanthauza kuti mawu athera pano. Wopanga pulogalamu akapanda kusamala, makina amawerenga Ng n'kuima, otsalawo n'kuwayesa lamulo losamveka. Ndinaonapo pa ofesi ina mayi wa dzina la bambo lokhala ndi nkhodolero atabwezedwa chifukwa fomu ya pakompyuta inkakana dzina lake. Mlembi anachotsa nkhodolero kuti zitheke, ndipo chiphaso chinatuluka ndi dzina losiyana ndi la pa mapepala ena a mayiyo. Wolakwa sanali mlembi, sanalinso makina. Anali wopanga pulogalamu amene sanayese ntchito yake ndi mayina a Ng'oma ndi Ng'ambi. Kukonza vuto limeneli n'kosavuta, ndipo aliyense wophunzira ntchitoyi amaphunzitsidwa njira yake. Pulogalamu yokana dzina la mwini dziko, kaya ikongole bwanji, wopangayo walemba m'madzi.

M'mayiko ena muli anthu amene amadzipangira okha makiyibodi. Amagula mabatani, kuwawotcherera pathabwa, n'kulemba pulogalamu yaing'ono, kawirikawiri pogwiritsa ntchito QMK, youza batani lililonse nambala yoti litumize. Ambiri amachita izi pofuna kuti manja asamapweteke kapena kuti atayipe mofulumira. Ife chifukwa chathu n'chachikulu kuposa chimenecho, ndipo sitifunika kugula chitsulo chatsopano. Batani silidziwa chilembo chimene chalembedwa pamsana pake. Limangotumiza chizindikiro, ndipo pulogalamu ndiyo imagamula chotuluka. Ndi chida chaulere ngati Keyman cha bungwe la SIL, mwana wa sekondale angathe kukonza kiyibodi yoti W akadinidwa pamodzi ndi batani lina atulutse ŵ, ndiponso yoti ng' azituluka osasakasaka nkhodolero. Q ndi X tisazichotse, poti Chingerezi ndi zilankhulo za kompyuta tizilembabe. Tingowonjezera chipinda m'nyumba imene ilipo kale. Anthu a ku Wales, amenenso ali ndi ŵ m'chilankhulo chawo, amampeza pa kiyibodi yowonjezeredwa ya ku Britain.

Kuno kwathu zoterezi zinachitikapo. Mu 2001, pa chipatala chachikulu cha Lilongwe, chimene lero ndi Kamuzu Central, gulu la Gerry Douglas limene linadzakhala Baobab Health Trust linaika makompyuta ongokhudza pagalasi, opanda kiyibodi ya patebulo. Mabatani anawajambula pagalasipo, akuluakulu, kuti wogwira ntchito amene sanaphunzire kutayipa alembetse wodwala ndi chala chimodzi, makina n'kutulutsa kapepala komata pa buku la kuchipatala. Anayamba ayang'ana munthu wogwiritsa ntchitoyo, chida n'kubwera pambuyo. Nolence Mwangwego anapita patali kuposa apo pamene anakhazikitsa zilembo zakezake mu 1997, zoyendera maphatikizo monga momwe zilankhulo za m'Malawi zimayendera. Kaya munthu akugwirizana nazo kapena ayi, funso limene anafunsa ndi loyenera: chilembo chitsate pakamwa pa ndani?

Mawu oti makina tinawalandira kwa Apwitikizi, amene amati máquina. Makutu athu anamva ma koyambirira n'kuwaika m'gulu limodzi ndi madzi ndi mafuta, n'chifukwa chake timati makina awa ngakhale ali amodzi. Tinalandira chinthu chachilendo n'kuchiphunzitsa malamulo a pakhomo pano. Teknoloje nayo, tikaifukula, ndi techne wa Agiriki, luso la manja, m'bale wake wa tekton, mmisiri wa matabwa. Palibe chamatsenga pamenepa. Ndi umisiri ngati wa wosula makasu, amene amapinda chitsulo kuti chigwirizane ndi dothi la kwawo ndi msana wa wolima.

Tsono inu achinyamata a kwa Kaphuka, a ku Linthipe ndi Dedza yense amene mukufuna ntchitoyi, musadikire kuti mukhale ndi kompyuta yodula. Yambani ndi chimene chili m'manja mwanu. Sinthani kiyibodi ya foni yanu kuti izindikire Chichewa. Mukalemba pulogalamu yanu yoyamba, iyeseni ndi dzina lokhala ndi nkhodolero ndi lina lokhala ndi ŵ musanaipereke kwa munthu. Mawu a pagalasi muwalembe m'Chichewa chimene mayi wogulitsa kachewere pamsewu wa M1 angamve osafunsa mwana. Kulemba, kuwerenga ndi kudina ndi ntchito zathu kuyambira kale, ndipo makina adzatsata ndondomeko imene inu mudzawalembere.