Moto Umene Unagwa M'chipululu cha Kalahari

Makolo akaona moto ukudutsa kumwamba usiku sankaulandira bwino. Ena ankati ndi afiti ali pa ulendo, ena ankati nyenyezi yathothoka, ndipo m'mudzi munkagwa mantha. Zimene zinachitika ku Botswana pa 2 Juni 2018 zimathandiza kumvetsa chimene anali kuona.

Tsikulo, chisisira chitagwa, nthawi itatsala pang'ono kukwana 7 koloko, anthu a ku Botswana ndi a kumpoto kwa South Africa anaona chimoto chikutsika kumwamba, kenaka chinaphulika n'kuwalitsa dziko. Kamera ya pa famu ina pafupi ndi Ottosdal inajambula zonsezi. Chodabwitsa n'chakuti mlendoyu anali ataonedwa kale. Maola 8 m'mbuyomo, katswiri wa zakuthambo Richard Kowalski, ali pa phiri la Lemmon ku Arizona, anaona kadontho kakuyenda pakati pa nyenyezi, ndipo kanatchedwa 2018 LA. Sikanali nyenyezi ayi, koma mwala wosapitirira mamita 2, wothamanga makilomita 17 pa sekondi imodzi. Pa liwiro lotere mwala umakankha mpweya mwamphamvu, mpweyawo n'kutentha mpaka mwala kuyaka ndi kusweka.

Kuona motowo kunali kosavuta, ntchito inagona pa kupeza zidutswa. Zinamwazikira m'nkhalango yotetezedwa ya Central Kalahari, kumene kumayenda mikango. Akatswiri a ku Botswana ndi anzawo akunja anayenda mumchenga ndi m'maudzu, maso ali pansi, alonda a nyama akuwateteza. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa 23 Juni anatola kamwala kakuda ka magalamu 18 okha, ndipo mwalawo unapatsidwa dzina lakuti Motopi Pan, potengera chithaphwi chapafupi. Aka kanali kachiwiri m'mbiri kuti anthu atole zidutswa za mwala umene unaonedwa usanagwe. Koyamba kunali ku Sudan mu 2008. Atapima zidutswazo, akatswiri anati mwalawo uyenera kuti unachokera ku Vesta, chimwala chachikulu chozungulira dzuwa pakati pa Mars ndi Jupiter.

Malawi nayenso analandirapo alendo otere. Mu 1899 miyala inagwa ku Zomba, ndipo pa 22 Januwale 1981 m'boma la Machinga munagwa mwala wolemera makilogalamu 93, dzuwa likuswa mtengo.